Pepala la pa Maliro a Bambo Anga

Akuluakulu, amayi ndi abambo, ndi inu anzanga amene mwadzazana kumbuyoko ngati kutsogolo kuno kuli moto, zikomo pondipatsa mpata. Ine ndine Tadala wa ku Laurel, mwana wa mayi awo akhala pafupi ndi khomowo. Ndili m'chaka chomaliza cha sekondale. Zimene ndinenezi ndachita kulemba, chifukwa ndadziona kuti ndikamayankhula popanda pepala ndimathamanga pamene ndinalakwa ine, n'kumachedwa pamene analakwa ena.

Ndinanama nditalumbira. Ndiyambire pomwepo kuti musatope ndi kudikira. Ndinasainira bodza pa chikalata cha kukhoti, ndipo bodza langalo linatsala pang'ono kugwetsa Che Jafali, munthu amene anabwera kudzatipepesa pa maliro a bambo anga.

Ndinabwera kuno kunja, ku dziko la azungu, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, nditasiyira Fomu 2 ku Zomba. Chaka chisanathe bambo anatisiya. Ambiri a inu munalipo. Munadzaza kanyumba kathu mpaka pa masitepe, mpaka mzungu wokhala pansi pathu anabwera kudzadandaula kuti nsapato zatseka njira. Mwina mukukumbukanso pepala lija linkayenda m'manja. Pamwamba pake amayi analemba dzina la bambo ndi mawu akuti maliro, ndipo aliyense ankalemba dzina lake, nambala ya foni ndi imelo, kuti tidzamuuze tsiku lonyamuka thupi kupita kumudzi. Linakwana masamba anayi. Ena analemba atatsamiritsa pabondo, ena pamsana pa mnzawo. Pa tsamba lachitatu inki inafalikira pamzere umodzi, kaya ndi misozi kaya ndi tiyi, nthawi imeneyo sindinadziwe.

Maliro atatha, kagulu kathu ka zamaliro kanasankha amayi kukhala mlembi. Amayi kompyuta saikhudza, amati imawayang'ana. Ndiye ntchito inagwera ine. Ndinalowetsa mayina onse aja m'kompyuta n'kutsegula adiresi imodzi ya imelo yotumizira mauthenga a maliro basi. Munthu akamwalira, kaya kuno kaya kumudzi, foni inkalira kwathu, ine n'kulemba, uthenga n'kufika kwa nonse nthawi imodzi. Mukaona adiresi imeneyo munkasiya chilichonse n'kutsegula. Munkanditchula kuti kamtsikana ka kompyuta, ndipo ndisakunamizeni, zinkandikoma.

Kenako kunabwera Ankolo Gibo. Si ankolo anga enieni. Mukudziwa kuti kuno mwamuna aliyense wa kwathu wovala jekete ndi ankolo. Anauza amayi kuti akufuna kundiphunzitsa bizinesi, mwana wamasiye asamangokhala. Loweruka lililonse ankanditenga pa galimoto kupita kwawo ku Bowie, m'chipinda cha pansi pa nyumba, mmene munali makompyuta atatu osazimitsidwa. Bizinesi yake inali yotumiza makalata a malonda pa imelo kwa anthu amene sanawapemphe: makhadi oimbira foni kunja, ngongole zogulira nyumba, mankhwala ochepetsa thupi, ndi mankhwala ena aja a abambo amene sindingawatchule amayi ali pompano. Kuno amati sipamu. Ntchito yanga inali kupeka mitu ya makalata, yoti munthu akaiona atsegule.

Loweruka lina anazunguza mpando wawo n'kundiyang'ana.

"Tada, mndandanda wa maliro uja uli ndi iwe eti?"

"Eya, ankolo. Koma ndi wa maliro."

"Nanga ine ndati ndi wa ukwati? Tamvera. Anthu athuwa akubedwa ndi makhadi a m'mashopu, mphindi zimatha ukadali pa moni. Ine ndikuwabweretsera otchipa. Limenelo ndi tchimo?"

Ndinawapatsa. Sabata yotsatira anapempha mawu achinsinsi otsegulira adiresi ya maliro ija. Anati anthu athu satsegula kalata ya mlendo, koma ya maliro amatsegula ngakhale atatopa chotani. Amenewonso ndinawapatsa.

Ine ndimalemba dayale kuyambira ndili ku Zomba, m'Chichewa, poti ana a kuno sangawerenge. Tsiku limenelo ndinalemba kuti: "Ndawapatsa ankolo. Akuti ndili ndi mutu wa bizinesi. Palibe amene anandiuzapo zimenezi chimwalirireni adadi."

Zimene zinatsatira mukuzidziwa chifukwa zinagwera inu. Kalata ikubwera kuchokera ku adiresi ya maliro, mutu wake wakuti "Uthenga wofunika kwa a Malawi onse." Mutu umenewo ndinapeka ndine. Mayi wina ali muno anandiuza kuti anayamba wagwira pamtima n'kupemphera, poti amayi ake ankadwala ku Dedza, ndipo atatsegula anapeza mankhwala ochepetsa thupi. Mukafunsa amayi, amayi ankafunsa ine, ine n'kumati ndi vairasi. Ankolo anagulitsanso mayina anuwo kwa anzawo a ntchito yomweyo, mpaka makalata ankagwa ngati ngumbi.

Munthu mmodzi yekha sanakhulupirire za vairasi. Che Jafali amakonza makompyuta pa ofesi ina ku Rockville, ndipo amadziwa kutsata kalata mpaka kumene yachokera. Akazi awo, Anti Asiyatu, ankadwala impso, ndipo kalata iliyonse yotere inkawadzidzimutsa. Che Jafali anachita monga timachitira kwathu. Anapita kaye kwa Ankolo Gibo, awiriwiri, n'kuwapempha kuti asiye. Ankolo anawaseka. Anawauza kuti kuno si ku Mangochi, kuno ndi dziko la malonda. Apo m'pamene Che Jafali anakanena ku kampani imene inkapatsa ankolo intaneti, n'kulembanso dzina la bizinesi yawo pa tsamba lina la anthu odandaula za sipamu. Kampani ija inawadulira ankolo intaneti. Ankolo anapeza loya n'kuwasumira Che Jafali kukhoti, ati awaipitsira dzina ndi kuwagwetsera bizinesi.

Pano ndiye ndinene zowawa, mundikhululukire. Inu amene munkadandaula makalata aja tsiku ndi tsiku, samani itatuluka munatembenuka. Ndinkakumvani pa tiyi tikatuluka m'tchalitchi. "Watengera za m'nyumba kwa azungu." "Ndi nsanje, mnzake wagula galimoto." "Anthu a uko ndi choncho." Ankolo Gibo ankabweretsa zakumwa pa chikondwerero chilichonse, Che Jafali ankangobwera ndi manja awo ogwira ntchito. Munasankha zakumwa. Ine ndinkamva zonsezo n'kumasangalala mumtima, chifukwa chala chikaloza iwo ndiye kuti sichikuloza ine.

Mlandu wonse unagona pa funso limodzi: kodi anthu aja anavomera kulandira makalatawo? Ngati anavomera, ndiye kuti Che Jafali ananamizira munthu wosalakwa, aluza mlandu, ndipo ku ntchito kwawo anali atawauza kale kuti safuna munthu wa milandu. Ngati sanavomere, ankolo alibe mlandu woti asumire munthu.

Ankolo anandiuza kuti ndibweretse pepala lenileni lija. Ndinalitenga mu sutikesi ya amayi, pansi pa jekete ya bambo. Ndikuona ndi maso angawa, anapinda pamwamba pamene amayi analemba dzina la bambo, n'kuikapo kapepala kena kolembedwa m'Chingerezi kuti ife amene talemba mayina pansipa tavomera kulandira uthenga wa malonda. Anachita fotokope masamba onse anayi. Lenilenilo anandibwezera, ndinakalibisa pomwe ndinalitenga.

Ndinali nditangokwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anadikira zimenezo. Anandipititsa kwa loya wawo ku Rockville, kumene kunali chikalata chonena kuti ine ndinayendetsa pepalalo pa msonkhano wa a Malawi ndipo aliyense anawerenga mawu a pamwambawo asanalembe. M'galimoto ndinayesa kukana.

"Ankolo, koma si zoona."

"Zoona? Chabwino, tinene zoona. Amene anatenga mayina a anthu pa maliro n'kuwapereka ndani? Ine kapena iwe? Amanga ndani? Ndiye mapepala anu okhalira kuno, iwe ndi mayi ako, ukuganiza kuti apolisi akabwera sawayang'ana?"

Ndinakweza dzanja, ndinalumbira, ndinasaina, mayi wina n'kudindapo chidindo. Pobwerera ankolo anandigulira nsapato. Mu dayale ndinalemba kuti: "Ndasaina. Ndimayesa dzanja linjenjemera koma silinanjenjemere. Nsapato zikuthina pang'ono."

Loya uja anandiuza kuti ndisayankhulenso ndi Che Jafali mpaka mlandu uthe. Lamulo limenelo ndinalikonda kwambiri.

Amayi amasamalira agogo ena achizungu ku Rockville, amagona komweko kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Lachiwiri lina m'mawa, ndikumanga nsapato kuti ndithamangire basi ya sukulu, foni ya m'nyumba inalira. Ndinaona nambala, ndinaidziwa, ndinaisiya. Makina olandira uthenga anayankha, ine nditaima pomwepo.

"Amake Tadala, ndine Jafali. Mayi a kunyumba kuno atisiya m'mawa uno kuchipatala. Tiika mawa masana, mukudziwa ife sitisunga maliro. Chonde auzeni abale."

Ndinakhala pa kompyuta, ndinalemba mizere itatu, ndinatumiza kwa onse. Kenako ndinafufuta uthenga uja pa makina n'kupita ku sukulu. Amayi sindinawaimbire. Ndinadziuza kuti agogo aja sakonda foni ikamalira. Zoona zake n'zakuti ndinadziwa kuti amayi asiya zonse, anditenga kupita kumeneko, ndipo ndikakumana maso ndi Che Jafali.

Chimene sindinaganizire n'chakuti adiresi ya maliro ija inali itanunkha kale. Makampani a imelo anali ataiika m'gulu la otumiza sipamu, ndiye uthenga wanga unakagwera m'bokosi la zinyalala, pakati pa mankhwala ndi ngongole. Kumene unafika bwino, ambiri anali atasiya kale kutsegula. Ndinaliza belu limene ndinaling'amba ndekha.

Lachisanu madzulo amayi atafika ndinawafunsa, ngati nkhani wamba, kuti kodi amva za Anti Asiyatu. Chikwama chinagwa. Anaimbira mayi uyu, sakudziwa. Anaimbira uyo, sakudziwa. Anamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu n'kundiuza kuti tiye.

Linali tsiku la sadaka. Pakhomo pa Che Jafali panali nsapato za anthu atatu. Ndinaziwerenga, chifukwa ndinakumbukira masitepe a kwathu. M'kati munali mipando yopinda imene anabwereka ku mzikiti, itandandalikidwa m'mbali mwa khoma, kuzungulira mpaka m'kanjira kopita kuchipinda. Patebulo panali poto wamkulu wa mpunga, wochotsedwako pang'ono pakona. Abambo atatu a ku mzikiti, osakhala a kwathu, anatsanzika titangolowa.

Amayi anagwada pakhomo pomwepo n'kuyamba kulira.

"Achimwene, sitinamve. Mulungu ndi mboni, sitinamve."

"Dzukani, amake Tadala. Khalani pampando. Mipando ilipo yambiri."

Tinakhala. Iwo anakhala pamkeka, atatsamira khoma. Anali ataonda, ndevu zitamera mosalongosoka. Anayankhula motsitsa, ngati akufotokoza za munthu wina.

"Anamusambitsa amayi a ku Somalia ndi a ku Pakistan. Anthu abwino, Mulungu awadalitse. Koma ankangondifunsa kuti, kodi mayiyu alibe abale a kwawo? Ndinati ali ku ntchito."

Amayi anapukuta m'maso ndi chitenje. Anati, "Achimwene, mlanduwu usatigawe chonchi. Za makompyutazi ine sindizidziwa, koma maliro ndi maliro."

Che Jafali anadzuka, analowa kuchipinda, n'kubwera ndi envelopu yaikulu.

"Sindinafune kukuonetsani. Ndinati mayi wamasiye ali ndi zake zomulemera. Koma poti mwautchula mlanduwo, onani chimene andimangira."

Anawapatsa amayi fotokope ija. Amayi amawerenga Chingerezi pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Anawerenga mawu a pamwamba aja. Anatsika m'mayina. Anatembenuza tsamba loyamba, lachiwiri. Pa lachitatu anaima.

"Ili ndi pepala la bambo ake Tadala."

"Ndi lomwelo."

"Nanga dzina lawo lili kuti? Ndinalemba ndekha pamwambapa."

Che Jafali anagwada pambali pa mpando wa amayi n'kuika chala pamzere uja wofalikira inki.

"Apa ndi dzanja la Asiyatu. Analemba atatsamiritsa pamsana panga. Ankalira amuna anu, poti ndi amene anatilandira pa bwalo la ndege titangofika. Banga ili ndi lake."

Ndiye sanali tiyi.

Amayi anafika pa tsamba lomaliza, la chikalata cha chidindo chija, n'kupeza dzina langa, m'kalembedwe kamene anandiphunzitsa okha. Sanandiyang'ane. Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Amene anandiyang'ana ndi Che Jafali. Sanakweze mawu.

"Mwana wanga, sindikufunsa kuti unachitiranji. Ndikufuna chinthu chimodzi chokha. Iwe unalipo tsiku lija. Pamene mkazi wanga ankalemba apa, ankavomera mankhwala ochepetsa thupi?"

"Ayi, ankolo."

"Mawu a pamwambawa analipo?"

"Panalibe, ankolo."

"Basi. Ndimafuna ndimve ndi makutu anga. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuliyang'ana pepalali mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina mutu wanga ndi umene wasokonekera."

Apo amayi anayankhula, maso ali pa pepala.

"Za malirowa unamva liti?"

"Lachiwiri."

"Lachiwiri."

Amayi anangobwereza liwulo. Che Jafali anapita kukhitchini, anatenga mbale ziwiri, natigawira mpunga ndi manja awo. Ine ndinati ndakhuta. Amayi anandikankhira mbale.

"Idya. Ndi sadaka ya munthu amene unamubisa."

Ndinadya mbale yonse, pakati pa mipando yopanda anthu ija. Ndakhala ndikumva maulaliki a gehena kuyambira ndili mwana, koma pamene ndinafika pansi penipeni ndi pa mbale imeneyo.

Tili m'basi pobwerera ndinawauza amayi zonse, za mawu achinsinsi, za vairasi yabodza, za nsapato, za uthenga umene ndinafufuta. Ndinawauzanso zimene ankolo ananena za mapepala athu. Amayi anati, "Akatibweza tibwerera, kwathu sikunapse moto. Koma dzina la bambo ako silikhala lopindidwa." Titafika anatsegula sutikesi, anatulutsa pepala lija, n'kuwongola mopindika muja ndi chikhatho.

Kubwerera sikunali kokoma, ndipo sindikufuna wina atuluke muno akuganiza kuti ukalira basi zatha. Lolemba amayi anapempha tchuthi cha tsiku limodzi, tinapita ku ofesi ya maloya othandiza anthu osauka. Tinapeza loya wachizimayi amene anandimvetsera osandidula. Atatha anandiuza mosabisa kuti kunama utalumbira ndi mlandu, ndipo sangandilonjeze kuti sizinditsata. Anati kubweza mawu wekha mlandu usanafike kwa jaji kuli bwino kusiyana ndi kugwidwa. Anayang'ananso mapepala athu n'kunena kuti ali bwinobwino. Chimene chikanawaononga ndi chimene ndinasaina pofuna kuwateteza. Ankolo sankadziwa kanthu za mapepala athu. Ankangodziwa kuti mwana wa kwathu akamva mawu akuti mapepala, amachita chilichonse chimene wauzidwa.

Loya anafunsa ngati ndili ndi umboni, poti mawu a munthu amene wavomera kale kuti ndi wabodza salemera. Tinamupatsa pepala lenileni, la dzina la bambo pamwamba ndi mzere wopindika. Kenako ndinatchula dayale. Anati tibweretse. Ndinati ili m'Chichewa. Anati apeza womasulira.

Anapeza mayi wina wa ku Chipata amene amaphunzira ku yunivesite ku Bowie. Tsiku lofunsidwa tinakhala m'chipinda cha tebulo lalitali, maloya mbali zonse, mayi wina akulemba liwu lililonse, Ankolo Gibo atakhala moyang'anana nane atavala suti. Buku langa, limene ndinkabisa pansi pa matiresi, linawerengedwa mokweza m'Chingerezi. Loya wa ankolo anaumirira kuti awerenge masamba athunthu, osadumpha. Ndiye anawerenganso za mnyamata wina wa m'kalasi mwathu amene ndinkamuona ngati dzuwa, ndi zimene ndinalemba za amayi tsiku lina titakangana. Amayi anali atakhala kumbuyo kwanga. Womasulira uja akafika poterepo ankatsitsa mawu, n'kundiyang'ana ngati akupepesa. Anawerenga mpaka pa nsapato zothina.

Loya wa ankolo anandifunsa funso limodzi kambirimbiri, akulitembenuza uku ndi uku. "Unanama nthawi ija kapena ukunama pano?" Nthawi zonse ndinkayankha kuti ndinanama nthawi ija. Potuluka, ankolo anandidutsa pakhonde n'kunena motsitsa kuti, "Galu wosayamika. Ndinakutola ulibe ndi nsapato zomwe." Ndinali nditabweretsa nsapato zija m'pepala la pulasitiki. Ndinaziika pansi patsogolo pawo. Sanazitole, ndipo kaya zinathera kuti.

Patapita masabata angapo loya wawo anawasiya, mlandu unachotsedwa. Che Jafali ntchito sinawathere. Ine sanandimange, ngakhale mpaka lero envelopu yaitali ikafika pakhomo mtima umagunda. Ankolo Gibo palibe chinawachitikira. Anasamukira dera lina lakutali. Sabata yatha ndalandira imelo ya makhadi oimbira foni, mutu wake "Uthenga wofunika." Ndinaudziwa ngati mwana wanga.

Pali chinthu china chimene ndinalimbana nacho ngati ndinene kapena ayi, ndipo amayi anandiuza kuti ndisanene. Pepani amayi. Nonse mumati simunamve za Anti Asiyatu chifukwa uthenga unagwera m'zinyalala. Ambiri ndi zoona, ndipo mlandu umenewo ndi wanga. Koma anthu awiri anandiyankha Lachiwiri lomwelo, masana. Mmodzi analemba kuti "zachisoni." Wina analemba kuti "auzeni apepese." Onse awiri sanapite, sanaimbire aliyense. Mayina sinditchula, poti inenso ndinamva n'kukwera basi ya sukulu. Ndinamvanso wina akunena kuti Che Jafali anadzitchera okha msampha, akanapanda kukanena, adiresi sikanaikidwa m'gulu la sipamu. Mawu amenewo ananenedwa ndi munthu wamkulu, atanyamula Baibulo. Ine bodza langa ndinakalibweza pamaso pa maloya. Lanulo sindikudziwa kuti mukalibwezera kuti.

Adiresi ija tinaitseka. Ndinaimbira munthu aliyense wa pa masamba anayi aja, mmodzimmodzi, kumuuza kuti amene anapereka dzina lake ndine, osati vairasi. Zinanditengera mwezi. Ena anadula foni, ena anati ndi chibwana, mayi wina anandilalatira mpaka batire la foni yake linatha. Pano maliro sitilengezanso ndi imelo yokha. Amayi akamva amaimbira anthu asanu, aliyense wa iwo amaimbira asanu ake, ndipo sukhala pansi mpaka munthuyo wayankha ndi pakamwa pake kuti wamva. Pepala likayenda pa maliro amasunga amayi awiri, osati mwana mmodzi wokonda kutamidwa.

Anzanga a kumbuyoko, izi ndikunena makamaka kwa inu. Ife ndi amene timawerengera makolo makalata, timawadzazira mafomu, timasunga mawu achinsinsi a chilichonse m'nyumba. Amatikhulupirira chifukwa alibe pothawira. Ndiye akuluakulu ena anaona kale kuti khomo la nyumba zathu ndi ife. Wina akakuuza kuti uli ndi mutu wa bizinesi koma usawauze amayi ako, kawauze tsiku lomwelo. Wina akakupatsa cholembera kuti usaine, n'kutchula mapepala, dziwa kuti amene akuopa ndi iyeyo. Ndipo ngati unasaina kale, ndipeze tikatuluka. Ofesi ya maloya ija ndikudziwa basi yake, ndikuperekeza. Ine ndikufuna kudzaphunzira zamalamulo ndikamaliza sukulu. Ena mukuseka, ndakuonani. Sekani, mafomu ndatumiza kale.

Pepala la bambo linabwerako ku maloya. Pano lili ndi masamba atatu. Lachitatu lija amayi anakawapatsa Che Jafali, ndipo iwo analandira ndi manja awiri.

Che Jafali sananenepo kuti andikhululukira, ndipo sindinawafunse. Koma pogawana mayina oimbira, ndinapempha kuti iwo akhale oyamba pa asanu anga. Mwezi watha, a Phiri a ku Bowie atatisiya, ndinaimba. Foni inalira kawiri.

"Ankolo, ndine Tadala. Kwagwa zovuta."

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati, "Ndamva, mwana wanga. Ndikubwera."

Anafika anthu ambiri asanafike, galimoto itadzaza mipando yopinda ya ku mzikiti. Anaitsitsa okha, n'kuindandalika m'mbali mwa khoma. Tsiku limenelo sinakwane. Ambiri a inu munakhalapo.

Ndathera pamenepa. Zikomo.